Pa Khonde Lathu: Chiphaso Choyendetsera Kwa Eni Ake



Amene mumalidziwa dera lathu lino la Naperi mukudziwa kuti m'mawa uliwonse, mame asanakamuke, m'misewu mwathu mumayamba kudutsa magalimoto okhala ndi chilembo chofiira cha L kutsogolo ndi kumbuyo. Awa ndi magalimoto a sukulu zophunzitsa kuyendetsa. Amayenda ngati nkhono, amazima pa mphambano, amatsetsereka chambuyo pa chitunda, ndipo a minibasi amawalizira hutala ndi kuwakuwiza. Amachuluka kuno chifukwa ofesi yoona za pamsewu ya ku Ginnery Corner, kumene anthu amayesedwa ndi kulandira ziphaso, iri pafupi, mtunda woyenda ndi miyendo. Pafupi pomwepo palinso chipatala chachikulu cha Gulupu, cha Queen Elizabeth, kumene amagonekedwa anthu othyoka miyendo pa ngozi za pamsewu. Takhala tikudutsa pa nyumba ziwirizi zaka zambiri osaganizapo kanthu, kufikira pamene nkhani ya chiphaso idalowa m'banja mwathu momwe.

Tidayamba tazengereza kuilemba, pakuti za m'nyumba saulutsira pa msewu. Koma eni ake atilola, ndipo tikudziwa kuti m'mipingo yathu ya ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri ndi yochepa milaga imene iribe mwana ku Joni kapena kutsidya kwa nyanja.

Uthenga wochokera ku Joni

Tsiku lina Loweruka mlongo wathu, mai wamasiye wokhala ku Machinjiri, adafika pakhomo pathu lamya iri m'manja. Mwana wake wachisamba anali atakhala ku Johannesburg zaka zitatu, akugwira ntchito yosamala maluwa pa nyumba ina masiku atatu pa mlungu. Tsopano mnzake anali atampezera mwai: njinga yamoto yaing'ono, ya bokosi kumbuyo, yoperekera zakudya m'makomo mwa anthu amene aitanitsa pa lamya. Mwini njingayo anali kufuna kuona chiphaso choyendetsera. Ndipo komweko kunali munthu wina amene ankati amakonza chiphaso cha ku Malaŵi pa masiku atatu okha, popanda sukulu, popanda mayeso, pa mtengo wa maranda 3,000. Theka la ndalamazo mnyamatayo anali nalo. Theka linalo anali kupempha kumudzi.

"Achimwene," adatero mlongo wathuyo, "inu ndinu mwini mbumba. Mwanayu sakupempha ndalama za mowa ai. Akupempha khasu loti alimire. Nyumba ija yatha chaka chathunthu iri yopanda denga, azibale ake akufuna fizi. Nanga timkanize khasu?"

Tiulule poyera kuti dzanja lathu lidapita kuthumba. Mau a mai wamasiye ndi olemera, ndipo mphwathuyo ndi mwana wofatsa, woyimba kwaya, amene sadatichititsepo manyazi. Chidatiimitsa ndi funso limodzi laling'ono limene tidamfunsa titamuimbira lamya madzulo ake: "Kodi iwe udayamba wayendetsapo njinga yamoto?"

Iye adaseka. "Atsibweni, njinga ndi njinga basi. Yakapalasa ndimaitha bwino. Anzanga andionetsa Lamulungu masana pa bwalo, Lolemba ndiyambe ntchito."

Usiku umenewo tulo sitidatione. Tinali kumuona mwana amene tidamnyamula pa ubatizo, ataphunzira masana amodzi okha, akulowa m'misewu ya Johannesburg, pakati pa matakisi othamanga ndi magalimoto a katundu, mvula ya mabingu ikugwa, lamya ikumfulumiza kuti chakudya chikuzizira. Tinali kuonanso mwana wa eni ake akuoloka msewu pochokera ku sukulu.

Kale ndi lero

Kupita ku Joni si chinthu chatsopano kwa ife a Malaŵi. Atate athu adapita ku migodi ndi bungwe la Wenela, limene dzina lake lidatsalira pa siteji ya mabasi mu mzinda uno wa Blantyre. Akulu-akulu akukumbukira tsiku la 4 April 1974, pamene ndege yobweza anthu a m'migodi kumudzi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo a Malaŵi 74 adatsirizika. Boma lidaletsa ulendowo. Mu 1977 udayambiranso pansi pa dzina la TEBA, limene ife tinkati Theba, ndipo udatheratu mu 1988.

Moyo wa m'migodi unali wowawa, ndipo sitikuulakalaka. Koma pa nkhani ya mapepala, munthu wa Theba analibe chodera nkhawa. Kampani ndiyo inali kumlemba, kumpima, kumnyamula ndi kumbweza. Mwana wa lero amapita yekha. Amakwera basi, kudutsa pa Mwanza, kuoloka Zambezi pa Tete, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, mpaka kukafika pa Beitbridge, ulendo wa makilomita oposa 1,700 kuti akaone Johannesburg. Palibe kapitao womuuza lamulo. Lamulo amalimva kwa anzake a m'chipinda, ndipo anzakewo adalimvanso kwa anzao. Akulu adati safunsa adadya phula. Chifukwa chake ife, tisanamuyankhe mlongo wathu, tidayamba tafunsa, ndipo zimene tidapeza ndi izi.

Chimene lamulo la kumeneko likunena

Poyamba, chiphaso chenicheni cha ku Malaŵi chimagwira ntchito ku South Africa. Lamulo la pamsewu la dzikolo, la chaka cha 1996, pamodzi ndi malangizo ake, limavomereza chiphaso cha dziko lina ngati chidalembedwa m'chimodzi mwa zilankhulo za boma la kumeneko, ngati chiri ndi chithunzi ndi siginecha ya mwini wake, ngati sichidathe masiku, ndiponso ngati munthuyo adachitenga asanakhazikike m'dzikomo. Chathu chimalembedwa m'Chingerezi, ndipo magulu ake ndi ofanana ndi a kumeneko: A1 ndi njinga yamoto yaing'ono yosapitirira 125cc, A ndi njinga yaikulu, B ndi galimoto laling'ono, C1, C ndi EC ndi magalimoto olemera. Maiko onse awiriwa amayendetsa kumanzere. Choncho mwana amene adapirira pa chitunda cha ku Naperi, nakhoza mayeso kuno kwao asananyamuke, amafika ku Joni khasu liri kale pa phewa. Munthu akadzapatsidwa chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kale-kale, pamenepo ayenera kusintha chiphaso chake m'nthawi yoikika ndi kutenga cha kumeneko.

Kachiwiri, mlendo amene adapita wopanda chiphaso angathe kuchitenga komweko, koma pali khomo loyamba kulowapo. Popeza alibe chitupa cha unzika cha dzikolo, ayenera kupempha nambala yomzindikiritsa kwa oona za pamsewu, imene amaitcha Traffic Register Number. Kuti ailandire aonetse pasipoti yamoyo, chilolezo chokhalira m'dzikomo, ndi umboni wa kumene akukhala. Akaipeza amapimidwa maso, nalemba mayeso a wophunzira, amene ali ndi zigawo zitatu: malamulo a pamsewu, zikwangwani, ndi zipangizo zoyendetsera. Chiphaso cha wophunzira chimakhala miyezi 24. M'kati mwa miyezi imeneyi munthu aphunzire, nakayesedwe mayeso otchedwa K53.

Mayeso amenewa ali ndi mbiri yogwetsa anthu, ngakhale amene adayendetsapo zaka zambiri. Woyesa sayang'ana kuti galimoto likuyenda basi. Amayang'ana maso ndi khosi la woyendetsa: kodi waona pa galasi, kodi wacheuka kuti aone malo amene galasi silionetsa, asanakhote, asanasinthe mbali, asananyamuke? Pa bwalo munthu amalowetsa galimoto chambuyo pakati pa mitengo, amaliimika m'mbali mwa msewu, amalitembenuza pa malo opanikiza, nanyamuka pa chitunda. Likangotsetsereka chambuyo, mayeso athera pomwepo. Wa njinga yamoto amayesedwa kukhota, kuima mwadzidzidzi, ndi kulewa chinthu chomtulukira kutsogolo. Taonani, zimene woyesa amafuna ndi zomwezo zimene zimapulumutsa mwana wooloka msewu.

Kachitatu, ndipo apa ndi pamene padagona nkhani ya mphwathu, khomo loyamba lija ndi lotseka kwa munthu amene masiku ake adatha. M'Malaŵi amaloledwa kulowa ku South Africa ngati mlendo wodzacheza kwa masiku 30. Ambiri mwa ana athu amalowa chotero, nangokhaliratu. Wotere sangaonekere ku ofesi iriyonse ya boma popanda mantha, ndipo ndiye nyama ya anthu ogulitsa mapepala. Kuyambira mu 2014, wopitiriza masiku amalembedwa pa chipata kuti ndi wosafunika m'dzikomo, ndipo amene wapitiriza koposa masiku 30 amaletsedwa kulowanso kwa zaka 5. Ogwidwa amasungidwa ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kwao. Tionjezere kuti chiphaso choyendetsera si chilolezo cha ntchito. Ndi mapepala awiri osiyana, ndipo china sichilowa m'malo mwa chinzake.

Nanga pepala logula lija limathandiza chiyani? Lingathe kumpusitsa mwini njinga, mwina ndi wapolisi wotopa. Koma kuno kwathu, makamaka kuyambira mu 2015, wotenga chiphaso amajambulidwa ndi kudindidwa zala, ndipo zonse zimasungidwa m'makina a boma. Pepala losindikizidwa m'chipinda cha munthu ku Joni liribe muzu m'makina amenewo. Tsiku la ngozi, pamene apolisi ndi a inshuwalansi ayamba kufufuza, limasanduka mboni yotsutsa mwini wake. A inshuwalansi amakana kulipira ngati woyendetsa analibe chiphaso choona. Pamwamba pa mlandu wa ngozi pamabwera mlandu wa chinyengo, ndipo ngati pafa munthu, mlendoyo amaima pa bwalo la milandu la eni ake, kutali ndi nkhoswe zake.

Kutsidya kwa nyanja

Tisaganize kuti vutoli ndi la osaphunzira okha, kapena la ku Joni kokha. Kuyambira mu 2022, pamene dziko la Britain lidatsekula khomo kwa kanthawi kwa anthu osamala okalamba, ana athu ena a maphunziro adapita kumeneko, ena mpaka ku Scotland, kwao kwa amishoni amene adayamba Mishoni ya Blantyre mu 1876. Ntchito yoyendera okalamba m'makomo mwao imafuna galimoto. Lamulo la kumeneko limalola munthu kuyendetsa ndi chiphaso cha ku Malaŵi kwa miyezi 12 yokha kuchokera pamene wayamba kukhala m'dzikomo. Ziphaso za maiko ena, monga South Africa ndi Zimbabwe, zimasinthidwa popanda mayeso. Chathu sichiri m'gulu limenelo. Munthu ayenera kutenga chiphaso cha wophunzira, kulemba mayeso a malamulo ndi a kuzindikira ngozi isanachitike, kenaka kuyesedwa pa msewu. Wofuna kanjinga kamoto amayamba ndi maphunziro otchedwa CBT, amene amamlola kuyenda ndi chilembo cha L kwa zaka ziwiri pa njinga yosapitirira 125cc.

Msampha wa kumeneko ndi kuzengereza. Munthu amati chaka ndi chachitali, naiwala kuti malo a mayeso amadikiridwa nthawi. Miyezi 12 ikatha, chiphaso chimene dzulo chinali chabwino lero sichimlolanso kuyendetsa yekha, ndipo inshuwalansi yake iri pa chiswe. Zengerezu adalinda kwaukwau. Palinso manyazi: bambo amene wayendetsa zaka 20 pa msewu wa Zalewa amauzidwa ndi mphunzitsi wa msinkhu wa mwana wake kuti sadziwa kuyang'ana pa galasi. N'zowawa, koma kwa eni ake munthu amavula chipewa.

Kodi chiphaso n'chiyani?

Titamva zonsezi tidaona kuti tonsefe, mlongo wathu, mphwathu ndi ife tomwe, tinali kuchiyesa chiphaso ngati kiyi wotsekulira ntchito, kapena chishango chodutsira pa apolisi. Tinali titaiwala kuti chiphaso ndi umboni. Ndi mau a munthu wina, amene wakuyesa, onena kwa anthu onse oyenda pa msewu kuti: uyu tamuona, angathe kunyamula chitsulo chothamanga pakati panu osakuphani.

Ife Apresbiteriyo nkhani imeneyi sitiyenera kuvutika nayo. Mkristu akamasamuka ku Zomba kudza ku Naperi amatenga kalata ya mpingo. Pepalalo palokha ndi lachabe. Mphamvu yake ndi yakuti abusa ndi akulu a mpingo amene amamdziwa aikapo dzina lao. Munthu atalemba yekha kalata yotere, nabera chidindo, tingamtche chiyani? Tsono kalata yabodza ya mpingo imanyenga bwalo la akulu okha, pamene chiphaso chabodza chimanyenga mai wobereka mwana amene akuoloka msewu pokhulupirira kuti wobwerayo adziwa pamene pali buleki.

M'buku la Deuteronomo, mutu 22 ndime 8, muli lamulo limene ambiri timalidumpha powerenga. Womanga nyumba yatsopano adalamulidwa kumanga kampanda kuzungulira denga, kuti munthu angagwe, mlandu wa mwazi n'kukhala pa nyumbayo. Mwini nyumba sadakankhe munthu aliyense, komabe Mulungu amamwerengera mlandu chifukwa sadatchinjirize. Lamulo lachisanu ndi chimodzi silitiletsa kupha ndi nkhwangwa kokha. Limatiuzanso kusamala moyo wa mnzathu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza mu 2023 kuti anthu pafupi-fupi 1.19 miliyoni amafa pa misewu chaka chiri chonse, ndi kuti ngozi za pamsewu ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Kuphunzira kuyendetsa ndi kuyesedwa moona ndiko kampanda ka masiku ano.

Tikumbukirenso Paulo ali m'ndende ku Kaisareya, pa Machitidwe mutu 24. Kazembe Felike ankamuitana kawiri-kawiri poyembekeza kuti Paulo ampatsa ndalama. Paulo anali ndi abwenzi amene akadasonkha, ndipo ntchito yomdikira kunja inali yaikulu kuposa yoperekera zakudya. Adakhala zaka ziwiri osapereka. Ndipo mneneri Yeremiya, pa mutu 29, adalangiza Ayuda okhala ku Babulo, dziko la eni ake, kuti afunire mzindawo mtendere. Ana athu ali ku Joni si akapolo, komabe langizolo likuwakhudza. Mlendo m'modzi akapha munthu ndi pepala labodza, mkwiyo umagwera alendo onse, ndipo tikudziwa zimene zidachitikira anthu athu kumeneko mu 2008 ndi mu 2015, pamene ambiri adabwera pa mabasi manja ali m'khosi.

Mbali ya ife otsala kumudzi

N'kosavuta kudzudzula ana ali kutali. Koma tidzifunse: amawathamangitsa ndani? Mwana akangotsika basi ku Park Station, ife tayamba kale kuwerenga malata. Mwezi ukatha osatumiza kanthu, lamya imalira: feteleza wakwera, mlongo wako wabwezedwa ku sukulu, mwana wa a uje wagula kale poloti ku Chileka. Kodi ndi kangati tidamfunsa kuti, masiku a pa pasipoti yako atsala angati? Ukugona pati? Ndalama watumizazi wazipeza bwanji? Timalandira, n'kuchotsapo chakhumi, n'kuyamika Mulungu, osafuna kudziwa zambiri. Munthu wogulitsa mapepala uja amadya chifukwa cha changu chathu.

Ndiponso tisanamizire Joni. Mtima wa njira yachidule ana amachoka nao kuno. Amationa tikufunafuna wotidumphitsa mzere. Amaona anyamata a kabaza akunyamula mai, mwana ndi thumba la ufa pa njinga imodzi, wopanda chipewa, ndipo wokwerayo ndi mai wa Mvano atavala yunifolomu. Mwana amene wakula akuona kuti pepala ndi chinthu chogula sadzaona chachilendo akauzidwa mtengo wake m'maranda.

M'mene idathera nkhani yathu

Tidakana. Tidamuuza mlongo wathu kuti ndalama ya pepala sitipereka, koma ya basi yobwerera ndi ya sukulu yoyendetsa tidzaifuna, ngakhale pogulitsa mbuzi za kumudzi. Iye adanyamuka osamwa tiyi. Kwa milungu isanu sadaponde pakhomo pathu, ndipo pa maliro ena ku Bangwe adatipatsa moni wa m'mphuno. Mphwathu adaleka kuyankha lamya. Njinga ija idapatsidwa kwa mnzake, amene adagula pepala kwa munthu yemwe uja.

Sitikunamizani kuti mnzakeyo adaona tsoka. Kufikira pamene tikulemba pano akuyendabe, akutumiza ndalama, ndipo kwao adafolera nyumba. Timampempherera kuti asadzagunde munthu. Tikunena izi kuti wina asaganize kuti kuchita choona kumalipira mwezi womwewo. Nthawi zina sikulipira ndi ndalama konse.

Patapita miyezi inai ntchito ya maluwa ija idatha, ndipo mphwathu adabwera yekha nyengo ya Khirisimasi. Pa Beitbridge adamdinda zaka 5. Adafika wowonda, wosafuna kutiyang'ana kumaso. Mwezi wa January adalowa sukulu yoyendetsa, nakhala m'modzi wa oyenda ngati nkhono m'misewu ya ku Naperi. Mayeso oyamba adalephera. Tsiku limenelo adabwera kudzakhala pa khonde pano nthawi yaitali osayankhula, kenaka adati: "Atsibweni, ndikadayamba Lolemba lija, bwenzi pano mukulandira bokosi." Ulendo wachiwiri adakhoza.

Lero akuyendetsa galimoto loperekera buledi m'magolosale a ku Zingwangwa ndi Chilobwe. Malipiro ake ndi ochepa poyerekeza ndi maranda amene akadapeza. Nyumba ya ku Machinjiri yafoleredwa chipinda chimodzi chokha, ndipo mlongo wathu, ngakhale adayambanso kumwa tiyi pakhomo pano, nthawi zina akayang'ana denga la anzake amausa moyo. Sitimuweruza. Mtengo wa chisankho chathu waulipira kwambiri ndi iyeyo, osati ife.

Malangizo kwa mabanja

Kwa inu amene mwana wanu akukonzeka ulendo, kapena ali kale kwa eni ake, tikusiyirani mau awa.

Choyamba, ngati mwana akuganiza zodzagwira ntchito yoyendetsa kunja, atenge chiphaso choona kuno asananyamuke, cha gulu loyenera ntchitoyo. Chiphaso cha galimoto si cha njinga yamoto. Ndalama ya sukulu yoyendetsa iwerengedwe pamodzi ndi ya pasipoti ndi ya basi.

Chachiwiri, akafika afunse ku ofesi yeniyeni ya boma, osati kwa munthu woima pa chipata, kuti chiphaso chake chigwira ntchito kufikira liti, ndipo alembe tsikulo pa malo oonekera. Malamulo amasintha, ndipo dziko liri lonse liri ndi ake.

Chachitatu, chiphaso chimene munthu sadachiyesedwere ndi chabodza, ngakhale chikongole chotani, ngakhale wogulitsayo alumbire kuti chiri m'makina. Musatumize ndalama yogulira chinthu chotere. Mukatumiza, mwagwirako chiwongolero.

Chachinai, mpatseni mwana mpata. Muuzeni ndi pakamwa panu kuti miyezi imene akuphunzira simukuyembekeza kanthu, ndi kuti akalephera mayeso si manyazi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachisanu, apite ndi kalata ya mpingo, ndipo akaipereke. M'mizinda yambiri ya ku South Africa ndi ku Britain muli Akristu a kwathu amene amasonkhana, ndipo pakati pao pali amene adadutsa kale m'mayeso amenewa. Iwo angathe kumuonetsa sukulu yoona, kumbwereka buku la malamulo, ndi kumchenjeza za anthu odya anzao.

Pomaliza, akulu a mpingo ndi amai a Mvano, poyendera mabanja musafunse za chopereka chokha. Funsani za ana ali kutali, muwatchule maina m'mapemphero a pa mlaga, ndipo mulimbikitse makolo amene akana njira yachidule, pakuti kukana kumeneko kumawawa.

Mawa m'mawa magalimoto a chilembo chofiira adzadutsanso pano, akuzima ndi kutsetsereka monga mwa masiku onse. Mukakumana nao musawalizire hutala. Apatseni njira.

Ambuye asunge ana athu onse ali pa ulendo, ndi onse amene akumana nao pa msewu. Tidzachezanso mwezi wa mawa, Mulungu akalola.